Khoma la Amisiri

Lolemba, 2 Juni

Chikuku chafika. Chakuda, matayala aakulu awiri, aang'ono awiri kutsogolo, fungo la labala watsopano. Ndachipukuta ngakhale chinalibe fumbi.

Koma sichikulowa kuchipinda.

Ndayesa kasanu. Kuchokera pabalaza chimalowa bwinobwino m'kolido, kufika pakhomo la kuchipinda, basi chaima. Kolido ndi yopapatiza, khomo lili kumanzere, malo okhotera palibe. Chikapindidwa chimalowa, inde. Nanga munthu angakhale bwanji m'chikuku chopinda?

Ndatenga tepi yanga ya utelala. Chikuku: mainchesi 26 mulifupi, 42 mulitali. Kolido: 32. Khomo: 28. Ndayezanso. Zomwezo.

Amuna anga, Amisiri monga amawatchulira aliyense, amangondiyang'ana ali pabedi. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano chigwereni ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinagona, sizinadzukebe. Mawu anatsala amodzi okha: eya. Anamangira anthu nyumba zaka makumi atatu, ino anaimanga okha, lero ndi yomwe yawatsekera.

Zenera la kuchipinda layang'ana mpanda wa aneba. Dzuwa silifika ngakhale masana. Pabalaza m'mawa limadzaza mpaka pa makina anga osokera, mpaka ndimachita kutsinzina polowetsa ulusi. Pakati pa bedi lawo ndi dzuwalo pali khoma limodzi basi.

Mayi woongola miyendo uja wa kuchipatala anati: "Amayi, bambowa mukawasiya muno azolowera mdima. Azituluka tsiku lililonse, aziona anthu, aziwotha dzuwa." Kuwakhazika m'chikuku ndingathe, amaima ndi mwendo wamoyowo n'kutembenuka. Koma kuwanyamula kolido yonse, ine? Msana wanga uno?

Masana ndinakhala pamakina, phazi pa chopondera koma osaponda. Ndinaliyang'ana khomalo nthawi yaitali mpaka linayamba kupyapyala ngati nsalu yochapidwa kambiri. Ndinaona bedi uko, iwo atatsamira pilo, dzuwa likukwawa pansi pang'onopang'ono, likukwera bulangete, likufika pachibwano. Ine ndikusoka, iwo akundiona. Chipinda chimodzi chachikulu, choyera.

Bwanji litachoka?

Lachiwiri, 3 Juni

Ndinalakwa kuwauza alamu pafoni. Ndinangoti ndikuganiza. Ola lisanathe anali atafika, manja akuda ndi girisi wa kugalaja.

Mng'ono wawo wa Amisiri ameneyu, bere limodzi, koma ngati anabadwa tsiku la mphepo. Anaima pabalaza, anagogoda khomalo ndi chibakera pafupi ndi kalendala, kawiri kokha. Akuti: "Mwamva, alamu? Likulira ngati chidebe chopanda madzi. Ili si khoma, ndi katani wa njerwa. Loweruka ndibwera ndi hamala yaikulu ija, tiyi asanazizire mukhala muli mu holo."

Ndinati nanga denga? Akuti: "Denga lili ndi makoma anayi akunja. Likufunanso chiyani, ndodo yoyendera?"

Anaseka okha. 

Atapita ndinakakhala m'mphepete mwa bedi, kugwira dzanja lamoyolo. Ndinati Amisiri, khoma ili lasenza denga? Eya. Kapena silinasenze kanthu? Eya. Tiligwetse? Eya. Tilisiye? Eya. Kenako misozi. Yankho lili m'mutu mwawo, lonse, ndi mainchesi ake omwe, koma potulukira panatsekeka. Sindidzawafunsanso choncho. Ndinawazunza.

Ine nyumbayi ndinaipeza yomangamanga, zaka 16 zapitazo, akazi awo oyamba atamwalira kale. Pulani ya papepala palibe. Ndafufuza m'sutikesi, m'kabati, pansi pa matiresi. Mapepala a kuchipatala, zithunzi zofufuma, makiyi a maloko amene anatayika kalekale. Pulani anali iwo eni ake.

Lachinayi, 5 Juni

Dzulo sindinalembe. Madiresi atatu a operekeza mkwatibwi, maso kuwawa.

Lero ndinapempha aneba akhale ndi Amisiri ola limodzi, ine ulendo kwa akalipentala. Mnzawo wakale, anagwira limodzi ntchito zambiri, awa makoma, awo madenga. Ndinawapeza akupala thabwa atakhala pansi. Maondo anawathera. Nyumba ino akuti sanaigwireko, anadziwana itatha kale.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene alamu sanachitepo chibadwire. Kenako akuti: "Mayi, chibakera sichiona m'kati mwa khoma. Muone zinthu ziwiri: kunenepa kwake, ndi chimene chaligonera pamwamba. Mitanda ya denga ikamayenda motsatira khoma, mwina lilibe katundu. Ikadutsa mopingasa n'kuligonera, chenjerani. Ikalumikizidwa pamwamba pake penipeni, kabiseni hamala."

Ndinawapempha abwereze. Ndalemba kuseri kwa pepala la miyezo ya diresi.

Pobwerera ndinkayenda ngati wongodzuka kumene. Nyumba iliyonse mumsewu ndinkaivula ndi maso, malata kuchotsa, pulasitala kuchotsa, kutsala mafupa okhaokha. Iyi yasenza apa. Iyo yatsamira apo. Zaka zonsezi kugona pansi pa chinthu cholemera chotere osafunsa kuti chaima bwanji. Woyendetsa galimoto wina anachita kundikalipira pazenera.

Kunyumba, tepi. Polowera m'kolido khomalo limaonetsa m'mbali mwake: mainchesi 10 ndi theka. La kubafa: 5 ndi theka. La kukhitchini: 5 ndi theka. Ndinayeza katatu, kenako ndinatsegula tepi yatsopano poopa kuti yakaleyo inatanuka. 10 ndi theka.

Katani wanji wonenepa chonchi?

Lachisanu, 6 Juni

Ndakwera m'denga. Ine amene. Munthu wochita chizungulire pongoima pa mpando.

Akalipentala anabwera ndi makwerero, koma akuti: "Ine ndikakwera mudzanditsitsa ndi chingwe ngati mbuzi ya m'chitsime." Ndiye ndani wina? Ndinavala ovololo ya Amisiri, kupinda miyendo katatu, mpango kumutu, tochi m'thumba. Amisiri atandiona pakhomo anakweza nsidze imodzi. Ndikuganiza kuti anaseka.

Kachitseko ka siling'i kali m'kolido. Masitepe 9. Ndinawerenga.

Akalipentala pansi kufuula: "Pondani pa mitanda pokha, mayi! Mukaponda siling'i mufika pa sofa musanaitanidwe!"

M'mwambamo ndi dziko lina. Kutentha, fungo la thabwa lakale. Dzuwa kulowa pa timabowo ta misomali, ngati ulusi woyera wolendewera kuchokera ku malata, fumbi likusambira m'menemo mosafulumira. Mantha ndinawaiwala. Ndinakhala pa mtanda kumvetsera. Wailesi ya aneba kumveka kutali ngati ili pansi pa madzi. Amisiri kukhosomola pansi panga penipeni. Ndinaganiza: thabwa lililonse muno linagwiridwa ndi manja awo, onse awiri. Msomali uliwonse. Zinali ngati ndalowa m'mutu mwawo muja, momwe mawu anabisala.

"Mwagona kodi?" Akalipentala amenewo.

Ndinakwawa. Khomalo ndinalipeza, mutu wake watulukira pamwamba pa siling'i, njerwa zosapaka. Mitanda 6, yonse yopingasa. Ndipo palibe ndi umodzi womwe wodutsa wathunthu. Wina wachokera kuchipinda, wina pabalaza, yakumana pamwamba pa khoma, yagonerana mainchesi 14, misomali inayiinayi. Msoko weniweni. Ine msoko ndimaudziwa. Ukamasuka wa pamsana, diresi lonse limagwa m'mapewa.

Yochokera kuchipinda ndi yakuda, yakale. Yochokera pabalaza ndi yoyererapo. Ndinafuulira akalipentala. Akuti: "Ndiye kuti balazalo anachita kuwonjezera. Limeneli linali khoma lakunja la nyumba yoyamba. Tsikani, mayi. Lasenza mbali zonse ziwiri."

Ndinatsika. Kusamba. Kulira pang'ono kubafa, mpope uli wotsegula kuti asamve.

Loweruka, 7 Juni

Alamu ndi hamala yawo, 8 koloko. Anandipeza nditakokera makina kukhoma, ndakhala pomwepo ndikusoka mpendero. Ndinati lasenza denga, ndakwera ndaona ndekha.

Akuti: "Inu alamu, telala, mwasanduka injiniya liti? Satifiketi mwaitola m'siling'imo?" Ndinawaonetsa pepala: 10 ndi theka, mitanda 6, polumikiza 6. Sanaliwerenge. Anagogodanso pa kalendala paja. "Nanga likuliriranji chonchi? Khutu ili ndi la makaniko, silinama."

Ndinati makwerero ali apo, kwerani. Anayang'ana kachitsekoko, anayang'ana mimba yawo. Nkhani inathera pomwepo.

Koma si munthu woipa. Anasiya hamala panja, anakanyamula achimwene awo kubwera nawo pabalaza, monga amachitira Loweruka lililonse. Ngati thumba la simenti. Mphindi 40 padzuwa, Amisiri maso otseka ponyamulidwa, pokhala, mpaka pobwerera. Manyazi. Munthu amene ankamubereka mng'ono wakeyu kupita naye kusukulu. Masana Amisiri anakana supu, anatembenukira kuzenera la kumpanda.

Ndapinda chikuku, ndachiika kuseri kwa sofa, ndachifunditsa nsalu. Chikundionabe.

Lamulungu, 8 Juni

Tsiku lonse chinthu chimodzi m'mutu. Alamu sananame. Pa kalendala paja pamaliradi ngati chidebe, ndagogoda ndekha. Ndagogodanso chakukona: duu, ngati ukugogoda pansi. Khoma limodzi, mawu awiri. Chifukwa chiyani?

Supu theka la kapu. Buledi ayi.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndachotsa kalendala, wotchi, chithunzi cha ukwati wathu. Ndatenga sizasi ndi choko changa chodulira nsalu. Mainchesi anayi alionse, kugogoda ndi chogwirira cha sizasi, khutu kukhoma. Pakati duu, kamzere kozungulira. Pakati kho, kamtanda. Kuyambira pansi, mzere ndi mzere, ngati kuluka.

Kuyambira 9 koloko mpaka kupitirira 1. Pakati anabwera mayi wa mkwatibwi kudzayesa diresi, anandipeza nditagwada, tsaya kukhoma. Akuti: "Amayi, mwafika pomvetsera amunanu pakhoma? Odwalaodwalawo akubisirani chiyani?" Ndinaseka nawo, koma ndinagwira chala pamene ndinalekezera.

Pogwira ntchitoyo sindinkaona kanthu, timitanda ndi timizere basi. Khosi litauma ndinapita kukamwa madzi. Pobwerera ndinaima pakhomo lakunja, ndinakweza maso.

Timitanda tonse tili pamodzi. Kuchokera pansi mpaka mainchesi 80, mulifupi 34, m'mbali mowongoka ngati patani yodulidwa ndi rula. Khomo. Khomo lathunthu laima pakati pa khoma langa, lojambulidwa ndi dzanja langa lomwe, ine osadziwa.

Ndinakhala pansi pomwepo, kapu m'manja. Dzuwa la masana litapendeka ndinaona ndi kamng'alu komwe mu penti, kopyapyala ngati tsitsi, kotsatira timitandato. Zaka 16 ndikupukuta pamenepo. Kuchipinda malo amenewo ali kuseri kwa wodilopu imene sinasunthidwepo chibwerereni ine.

34 kuchotsa 26. Kutsala 8. Ndawerengera katatu.

Koma chili pamwamba pake n'chiyani? Nanga analitsekeranji?

Lachitatu, 11 Juni

Ndaimbira mwana wawo wamkulu, wa kwa malemu akazi awo oyamba, yemwe ndi mphunzitsi. Timalemekezana, koma sitinazolowerane kwenikweni. Ndinamupeza ali wamkulu kale, mpaka lero amanditchula anti. Ndinadikira nthawi yopuma ya kusukulu kwake.

Ndinangoti pakhoma la pabalaza pali malo olira mosiyana. Sanandilole kumaliza. Akuti: "Anti, mwalipeza? Limenelo ndiye linali khomo lathu lakumaso. Chitseko chabuluu. Pamene pali sofa panupo panali pabwalo. Mayi ankakhala pakhomo pamenepo m'mawa kundiluka tsitsi, ine kulira, iwo kundigwira ndi maondo."

Ndinafunsa kuti linatsekedwa liti. Ana ankasokosa kumbuyo kwake. Kenako akuti: "Balazalo bambo anamangira mayi, atayamba kudwala. Kuti aziwotha dzuwa mopanda mphepo. Denga lisanathe mayi anapita. Sabata yotsatira bambo anatseka khomolo okha, tsiku limodzi, osalankhula ndi munthu. Khomo la m'kolido anaboola pambuyo pake."

Ndinati ndikalitsegula udandaula? Akuti: "Ine ndimalilota lili lotsegula mpaka lero. Koma si langa, anti. Funsani bambo."

Ndiwafunse bwanji?

Lachinayi, 12 Juni

Sindinasoke kanthu. Ndinakhala pamalo anga, dzuwa pamiyendo monga mwa masiku onse, koma lero lili ngati lobwereka. Zenera lalikululi, kuwala kumene ndakhala ndikuyamika zaka zonsezi, anamangira munthu wina. Ndine wamkulu, ndikudziwa kuti ndi zopusa. Nsanje ndi munthu woti anagona kalekale? 

Nditayang'anitsitsa timitanda tija ndinayamba kumuona malemu uja. Wakhala pakhomo, mwana pakati pa maondo, chipeso mkamwa. Pansi pa sofa pamera udzu. Siling'i palibe, kumwamba kokha. Nkhope yake sindinaione bwino, ndimangoidziwa pa chithunzi chimodzi chofufuma. Sanandiyang'ane moipa. Anangosuntha pang'ono, ngati munthu wopereka malo pa benchi.

Ketulo inauma pamoto.

Ndinatenga kansanza kuti ndifufute chokocho. Ndinakanyowetsa. Ndinakayanikanso.

Lachisanu, 13 Juni

Mayi woongola miyendo wabwera. Powatembenuza wapeza malo ofiira pa chiuno chakumanja, kukula ngati batani la jasi. Anakanikiza ndi chala, sipanayere. Akuti: "Amayi, ichi ndi chilonda chikugogoda. Chikatseguka tilimbana nacho miyezi. Adzuke pabedipa." Anandiyang'ana ngati ine ndiye ndikuwakaniza.

Atapita ndinaitana aneba, tinakankha wodilopu mpaka kukona. Fumbi, sokosi imodzi, kangaude. Ndinayeza kuchokera kukona monga ndinachitira pabalaza, ndinajambula khomolo ndi choko mbali ya kuchipinda, moyang'anizana ndi bedi. Sindinafunse funso lililonse. Ndinakhala pa mpando ndi malaya osokerera mabatani.

Amisiri analiyang'ana. Ola lathunthu, mwina kupitirira. Sanatembenukire kuzenera. Mpweya wawo ndinkaumva, nthawi zina wautali, nthawi zina wodukiza. Mabatani asanu ndi limodzi ndinasokerera, awiri molakwika.

Kenako dzanja lamanzere linakwera. Chala sichinaloze pakhomopo. Chinaloza pamwamba pake, n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, kupitirira mzere wanga mbali zonse ziwiri. Kawiri anachita choncho. Dzanja linagwa pa bulangete.

Kaya ndi chilolezo, kaya ndi mmisiri chabe amene sangapirire kuona chojambula chosakwanira. Ndaimbira akalipentala. Akuti: "Akukuonetsani mtanda wa pamwamba pa khomo. Ngati ulipodi, ndiwo wasenza katundu pamenepo, njerwa za pansi pake zangokhala alendo. Koma tiuone ndi maso."

Lolemba, 16 Juni

Masiku awiri kuwatembenuza maola awiri alionse. Pofiira paja sipanakule, sipanachepe.

Akalipentala anafika ndi tchizulo ndi kahamala kakang'ono. Anaima pa tebulo, ine nditawagwira lamba kumbuyo. Kugoba pulasitala pang'onopang'ono pamwamba pa timitanda, mbali ya pabalaza. Poyamba fumbi loyera. Kenako tchizulo inalira mosiyana, ngii.

Konkire. Mtanda wathunthu, wotuwa, wosang'aluka paliponse. Tinautsatira kumanja mpaka unatha, kumanzere chimodzimodzi. Ndinakwera ndi tepi: wapitirira khomo mainchesi 9 uku, 9 uko, wagonera pa njerwa zonenepa zija. Kutalika kwake ndendende pamene chinayenda chala chawo.

Akalipentala anausisita ngati ng'ombe. Akuti: "Mnzangayu ankamanga ngati denga lidzakhala la njanji."

Ndinati tiikebe mizati iwiri yochirikiza mitanda ya m'denga pogumulapo. Akuti sipafunika. Ndinati ndikudziwa, koma tiike. Anapukusa mutu: "Inu mayi mukanakhala kapitawo, tonse tikanathawa ntchito." Abwera nayo.

Alamu ndawauza pafoni kuti khutu lawo linalondola, kungoti linamva khomo m'malo mwa khoma lonse. Kukondwa kwake! "Ndinanena ine!" Ndati bwerani Lachitatu, koma hamala yaikulu itsale kwanu. Akuti ndikuwalanda mkazi.

Lachitatu, 18 Juni

Bulangete lonyowa kulendewera mbali ya kuchipinda chifukwa cha fumbi. Mizati iwiri pamalo pake. Makina ndawafunditsa.

Kuyambira pamwamba, njerwa imodziimodzi. Alamu kugoba, akalipentala kulandira, ine kusanja panja. Njerwa zinali zoimika chammbali, mzere wina kuno, wina kuchipinda, pakati mphako. N'chifukwa chake pankalira. Zokhota, matope ake ongofumbutuka ndi chala. Akalipentala anaitembenuza imodzi m'manja, akuti chapansipansi: "Zaka zonse sindinaonepo ntchito yake yoipa. Iyi yokha." 

Nthawi iliyonse njerwa ikachoka ndinkayang'ana kusiling'i. Ndinali nditamata kapepala pa mphambano ya khoma ndi siling'i kuti kakang'ambika ndidziwe kuti chinachake chasuntha. Sikanang'ambike.

M'mphakomo munali felemu ya chitseko, yonse, sanaichotse. Yabuluu. Penti wowala ngati wapakidwa dzulo, poti dzuwa silinamuone zaka zonsezi. Ndinathamangira tepi, poti felemu sindinaiwerengere. M'kati mwake: 31. Kuchotsa 26, kutsala 5. Zikwana. Ndinajambula ndi foni kutumizira mphunzitsi. Anayankha mawu awiri okha: "Zikomo amayi." Ndawerenga kangapo. Mwina chala chinangoterereka.

Titamaliza kusesa ndinachotsa bulangete. Dzuwa linali litapita kale mbali ina, koma kuwala kunalowabe, kofewa, mpaka pa mapazi a bedi. Chipindacho ndinachiona koyamba: makoma ake ndi achikasu, ine ndinkayesa otuwa. Amisiri anali cheucheu kuyang'ana uku ndi uku, kenako anatseka maso. Kutopa kapena china, sindikudziwa.

Alamu anatsala kumata m'mbali mwa felemu momwe pulasitala anagumuka. Mwachangu, akuimba. Mawa m'mawa tiyesa.

Lachinayi, 19 Juni

7 koloko ndinali nditawasambitsa, malaya oyera, mafuta kumaso. Chikuku pambali pa bedi, mabuleki onse awiri. Kuima, kutembenuka, kukhala. Ndinakankha molunjika. Matayala aang'ono anadutsa. Aakulu anafika pakati pa felemu, mpata uku ndi uku monga ndinawerengera.

Pomwepo dzanja lawo linatsika n'kugwira tayala. Gwa.

Ndinakankha pang'ono. Anagwiritsa. Ndinasiya.

Tinaima pamenepo, theka kuchipinda, theka pabalaza, dzuwa litafika pa maondo awo. Ine kumbuyo, nkhope yawo osaiona. Ndinaganiza zambiri. Kuti ndalakwa. Kuti ndatsegula chimene anatseka ndi misozi, ndipo tsopano afuna kubwerera kubedi osadzatulukanso. Ndinayamba kale kuwerengera m'mutu njerwa zili panja zija, ngati zingabwererenso.

Dzanja linasiya tayala, linakwera pa felemu. Kusisita buluu uja, pansi, pamwamba, nthawi yaitali. Ndinayang'ana kumbali. Si zanga zimenezo.

Kenako zala zinachoka pa thabwa, zinafika pa pulasitala wa alamu. Zinaima. Zinabwerera. Zinayendanso pa mabampu aja.

Anatsonya.

Mokweza, ngati kale akapeza ntchito ya waulesi. Chigwereni mu Novembala sindinamve phokoso limenelo m'nyumba muno. Anatambasula dzanja. Ine ndinapereka langa. Analikutumula ngati ntchentche, kuloza ku sitolo ya kuseri, kumene kuli zida zawo. Ndinabweretsa hamala, anakana. Chingwe, anakana, diso lili psuu. Chipande cha pulasitala, anachilanda.

Pabalaza sitinafikebe. Ndi 10 koloko tsopano, akadali pakhomo pomwepo, mabuleki omanga, dzuwa lafika pachifuwa, fumbi mbuu pa malaya oyera aja. Apala kale ntchito ya alamu kuyambira pansi mpaka pamene dzanja likufika. Ndi lamanzere, mokhotakhota, chipande chagwa katatu, katatu ndatola. Tiyi amwa yense ndi buledi, osayang'ana n'komwe chimene akudya. Ndasakaniza simenti ndi mchenga m'beseni langa lochapira, koyamba anakana, ndathira madzi, akananso. Ndakhala pansi kuti ndilembe izi ndisanaiwale, koma akumenya chipande pa tayala, kaya madzi achuluka kaya achepa, ndipo pamwamba pamene iwo sangafike akundiloza ine kuti ndikwerepo.